Mwana wanga amaloweza malamulo a Chingerezi, koma chiganizo chimamukanika

"Zikomo aphunzitsi. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Limbuli kuno ku Mulanje, ndipo ndimagwira ntchito yothyola tiyi. Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 7. Masamu ndi Chichewa amakhoza bwino, koma Chingerezi teremu yathayi anapeza 38 pa 100. Chondidabwitsa n'chakuti kope lake ladzaza ndi notsi, ndipo mukamufunsa kuti noun n'chiyani kapena verb n'chiyani amayankha mosadodoma. Koma akati alembe chiganizo chakechake, aphunzitsi amachonga ndi inki yofiira ponseponse. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, Chingerezi ndimangomva pang'ono. Bambo ake akuti tiletse Chichewa ndi Chilomwe pakhomo, mnzanga akuti ndimulipirire part-time. Chaka chamawa alemba mayeso a Sitandade 8. Ndimuthandize bwanji?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Mwana amene akukhoza masamu ndi Chichewa ndiye kuti mutu wake ukugwira ntchito bwinobwino. Malikisi 38 amenewa akungotiuza kuti pali luso limodzi limene sanalizolowere, luso lomanga chiganizo cha Chingerezi payekha. Mwafunsanso pa nthawi yake. Zaka zaposachedwapa mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB akhala akulembedwa cha m'mwezi wa Meyi, choncho mwana wanuyu ali ndi nthawi yoposa chaka. Nkhawa yanu ndi yomveka ndithu, chifukwa pamayesowo mapepala onse kupatula la Chichewa amafunsidwa m'Chingerezi. Mwana akamapunthwa pa Chingerezi amataya malikisi ngakhale pa sayansi imene akuidziwa, poti funso lenilenilo sanalimve.

Ntchito yanu yomweyo ikuthandizani kumvetsa chimene chikuchitika. Lamulo lothyola tiyi ndi lalifupi: masamba awiri ndi kansonga. Munthu watsopano amalimva tsiku loyamba n'kulibwereza osaphonya. Koma kuti dzanja lizithyola lokha maso ali patsogolo, dengu n'kudzaza nthawi ya sikelo isanakwane, pamafunika miyezi ali m'munda. Mwana wanu lamulo akulidziwa, koma m'munda sanalowemo mokwanira. Ndipo si iye yekha. Chiyambire 1994 pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, makalasi ambiri a boma ndi odzaza moti mphunzitsi sangathe kumva mwana aliyense akuyankhula, kapena kuchonga ziganizo zisanu za mwana aliyense tsiku ndi tsiku. Chimene chimatheka ndi kulemba notsi pa bolodi, ana n'kukopera. Mwana akhoza kutha mlungu wathunthu osatulutsa pakamwa pake chiganizo cha Chingerezi chimene waganiza yekha.

Yambani ndi makope ake a Chingerezi a teremu yatha. Mukhale naye pamkeka tsiku limene simukupita kumunda, muyang'ane paliponse pamene pali inki yofiira. Malikisi asiyeni, inu muzifunsa kuti apa chinalakwika n'chiyani, n'kumalemba papepala lina. Mukafika kumapeto mupeza kuti zolakwika zikwizikwi zija ndi mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi yokha imene ikungobwerezedwa. Mupezanso kuti pafupifupi zonse zili ndi gwero limodzi: mwana akuganiza m'Chichewa molondola, kenako n'kuveka maganizowo mawu a Chingerezi. Nkhani yabwino ndi yakuti zolakwika zotere zimadziwika kumene zikuchokera, ndipo inu amene mumadziwa Chichewa mukhoza kumufotokozera kuposa buku lolembedwa kunja.

Chimene chimadya malikisi ambiri ndi ka s ka kumapeto kwa mneni. M'Chichewa mgwirizano wa dzina ndi mneni umamveka kumayambiriro kwa mawu: chinanazi chapsa, zinanazi zapsa, mtengo wagwa, mitengo yagwa. Khutu la mwana wathu linazolowera kumvetsera kumutu kwa liwu, pamene Chingerezi chimaika chizindikiro kumchira. Chosokoneza china n'chakuti s yemweyo akakhala pa dzina akunena zinthu zambiri, akakhala pa mneni akunena munthu mmodzi. "The girl plucks tea." "The girls pluck tea." Muuzeni kuti s ndi mmodzi yekha, akakhala pa dzina sakhalanso pa mneni. Akagwira zimenezi mumuonetse mayina amene amachuluka popanda s, monga children, women, men ndi people, chifukwa ana ambiri amalemba "The children plays" poona kuti dzinalo lilibe s. Komanso I ndi you satenga s ngakhale ali munthu mmodzi.

Kuzolowetsa kwake n'kwa pakamwa. Inu munene "I carry water", iye asinthe kuti "She carries water". Inu "I wash plates", iye "She washes plates". Muzichita mofulumira ngati masewera, ziganizo khumi kapena khumi ndi zisanu, kenako alembe zisanu mwa izo kuti aone kalembedwe ka carries, washes, goes, watches ndi has. Pakatha masiku atatu muonjezere kukana ndi kufunsa: "She does not carry water", "Does she carry water?" Apa ana ambiri amalemba "She does not carries". Mumuuze kuti s uja wasamukira pa does, sangakhale malo awiri.

Pali cholakwika china chimene chimachokera ku ulemu wathu. Timati "Abambo akubwera", "Amayi apita kumsika", kuchulukitsa munthu mmodzi pomulemekeza. Mwana woleredwa bwino amalemba "My father are coming" kapena "My mother they have gone to the market". Chingerezi sichilemekeza munthu pomuchulukitsa, bambo ndi he, mayi ndi she, agogo ndi mmodzi basi. Muuzeni momveka kuti kulemba "My father is coming" si mwano. Pafupi ndi pamenepa pali chizolowezi chobwereza mwininkhani, monga "My brother he is tall". Chimabwera chifukwa mneni wa Chichewa nthawi zonse amanyamula kachizindikiro ka mwininkhani, ngati a uja wa mu "mchimwene akudya". M'Chingerezi mukatchula dzina, mlowam'malo salowanso.

He ndi she nazonso zimavuta mpaka ku sekondale, poti ife timangoti iye, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Chovuta kwambiri ndi his ndi her. Mwana akafuna kunena kuti mnyamata amakonda amayi ake amalemba "He loves her mother", chifukwa maso ake ali pa amayiwo amene ndi aakazi. Lamulo ndi lakuti his ndi her amatsata mwini wake, osati chinthu kapena munthu amene ali naye. Gwiritsani ntchito anthu a pakhomo panu pomwepo. Mulozereni mchimwene wake, anene ziganizo zitatu za iye: dzina lake, malaya ake, mlongo wake. Mulozereni azakhali, achite chimodzimodzi. Mlungu umodzi wa zimenezi umaposa tsamba lathunthu la notsi za pronoun.

Tsopano nthawi za aneni, pamene ndikufuna tikhalitsepo chifukwa ndi pamene Chichewa chimathandiza kwambiri. Mwana wanu amadziwa kale kusiyanitsa nthawi, amachita zimenezi tsiku lonse osaganizira. Pezani katoni, mulembepo ndi makala kapena cholembera chachikulu mneni mmodzi m'zinenero ziwiri, mupachike pakhoma. Ndikuphika ndi "I am cooking". Ndimaphika ndi "I cook". Ndinaphika ndi "I cooked". Ndidzaphika ndi "I will cook". Ndaphika ndi "I have cooked". Ndinkaphika ndi "I was cooking", kapena "I used to cook" ngati chinali chizolowezi chakale. Akaona kuti ku, ma, na ndi dza a pakati pa mneni wathu ali ndi anzawo m'Chingerezi, mayina ngati present continuous ndi simple past amasiya kumuopsa. Kusokoneza "I cook" ndi "I am cooking" kumatha msanga mukamufunsa kuti, ukufuna kunena ndimaphika kapena ndikuphika?

Katoniyo ili ndi malo awiri pamene imanamiza, ndipo mumuchenjeze. Poyamba, timati ndikudziwa, ndikufuna, ndikukhulupirira, koma Chingerezi chimati "I know", "I want", "I believe", popanda ing. Ndili ndi cholembera ndi "I have a pen", pamene ana ambiri amalemba "I am having a pen". Kachiwiri, timati ndamuona m'mawa, ndafika 7 koloko, ndiye mwana amalemba "I have arrived at 7 o'clock". M'Chingerezi mukangotchula nthawi imene inadutsa, monga yesterday, last week, two days ago kapena in 2023, have amachoka: "I arrived at 7 o'clock". Funso la mtundu umenewu alembi a mayeso amalikonda.

Aneni amene satsata lamulo la ed alibe njira yachidule, ayenera kulowezedwa, koma pali kalowezedwe kanzeru. Mndandanda wa m'mabuku umayenda motsata alifabeti, ndipo mwana amatopa asanafike pa chilembo d. Inu muwaike m'mabanja a mamvekedwe ofanana, banja limodzi pa mlungu. Mlungu woyamba sing, sang, sung pamodzi ndi ring, drink, swim ndi begin. Wachiwiri buy, bought, bought pamodzi ndi bring, think, catch ndi teach, ndipo aonetsetse kuti caught ndi taught amalembedwa ndi au pamene enawo ndi ou. Wachitatu know, knew, known pamodzi ndi grow, throw, blow ndi fly. Wachinayi amene sasintha n'komwe: cut, put, hit, shut, cost. Aneni asanu pa mlungu kwa milungu 12 ndi aneni 60, ndipo amenewo akukwanira pa zambiri zimene mwana wa pulaimale angalembe. Aziwaimba ngati nyimbo, koma mneni aliyense amupangirenso chiganizo, apo ayi adzaimba bwino n'kulembabe "I buyed". Ndipo did akalowa, mneni amabwerera mmene analili: "Did you go?", osati "Did you went?"

Mwina mukufunsa kuti zonsezi muzichita nthawi yanji ndipo muchonga bwanji poti Chingerezi chanu n'chochepa. Mphindi 20 pa tsiku, masiku asanu pa mlungu, n'zokwanira, ndipo zimapindula kuposa maola atatu a Loweruka lokha. Mphindi zisanu zoyambirira zikhale za pakamwa, khumi zotsatira alembe ziganizo zisanu, zisanu zomaliza awerenge mokweza zimene walemba. Kuwerenga mokwezaku musakudumphe, khutu limagwira zimene diso ladutsa. Mumugulire kope lakelake la ntchito imeneyi, lamasamba 40 likwanira teremu. Ziganizo zake zikhale za zimene akuziona: njinga za kabaza pa Limbuli, msika wa pa Muloza, nkhungu ya chiperoni ikatsika m'phiri, nandolo wa m'munda mwanu. Mwana akamalemba za zimene akuzidziwa, nzeru zake zonse zimapita pa kamangidwe ka chiganizo, pamene akamalemba za chisanu cha ku London amavutika kawiri.

Mlungu uliwonse musankhe vuto limodzi lokha. Ukakhala mlungu wa s, zolakwika za the kapena za kalembedwe muzione koma muzisiye, nthawi yake ifika. Mukapeza cholakwika musamukonzere, ingolembani mzere kunsi kwake n'kumubwezera kope kuti apeze yekha. Akalephera kawiri ndiye mumuuze. Chonde pasakhale kukalipa kapena kuseka, ngakhale kwa azichimwene ake. Mwana amene wasekedwa chifukwa cha Chingerezi amatseka pakamwa, ndipo kumutsegulanso n'kovuta kuposa kumuphunzitsa galamala.

Za kuchonga, buku lake la kusukulu lichonga m'malo mwanu. Mabuku a Chingerezi a ophunzira amene amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi ali ndi nkhani zazifupi zolembedwa pa msinkhu wake. Sankhani ndime ya mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, muikopere papepala koma musiye mipata pamene pali mawu a mtundu umene mukuphunzira mlunguwo, kaya ndi aneni onse, kaya ndi a, an ndi the. Iye adzaze mipatayo buku lili lotseka, kenako mutsegule muyerekeze. Yankho lolondola lili m'bukumo, inu simufunika kulidziwa pamtima. Lachisanu muzimupatsa lembetso: muwerenge ndime yomweyo pang'onopang'ono, iye azilemba, kenako adzichonge yekha ndi buku, kuphatikizapo zilembo zazikulu, mpumiro, mpatuliro ndi mfunsiro. Ngati sukulu silola kupita ndi mabuku kunyumba, apemphe kukopera ndime imodzi Lolemba pa nthawi yopuma. Ndikudziwa kuti kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo tiyi amaphuka kwambiri ndipo mumaweruka mochedwa mutatopa. Miyezi imeneyo mupezereni mnzake wa kalasi imodzi kapena mwana wa sekondale wa pafupi, azichita awiriwo kusanade, inu muzingoona kope madzulo kuti ntchito yagwiridwa.

A, an ndi the kulibe m'Chichewa, n'chifukwa chake mwana amangowasiya kapena kuwamwaza paliponse. Komabe tili ndi kanthu kofanana nawo. Tikati "Ndinaona galu. Galu uja anali wakuda", uja ameneyu akugwira ntchito ya the, kusonyeza kuti tonse tikudziwa galu amene tikunena. "I saw a dog. The dog was black." Chinthu chikamatchulidwa koyamba chimatenga a, chikadziwika chimatenga the. Pa a ndi an ana amaphunzitsidwa kuyang'ana chilembo, pamene lamulo limatsata mamvekedwe. N'chifukwa chake timati an hour ndi an honest man, poti h samveka, koma a uniform ndi a university, poti amayamba ndi liwu la yu. Pomwepa muphatikizepo mayina osawerengeka. Ife timati madzi ambiri, nkhuni zambiri, malangizo ambiri, katundu wambiri, ndiye mwana amalemba firewoods, advices, luggages, furnitures ndi informations. Mawu amenewa satenga s ndipo satenga a. Amayenda ndi much kapena some, ndipo tikafuna kuwerenga timawerenga chotengera chake: a bundle of firewood, a bag of maize, a piece of advice.

Zina n'zing'onozing'ono, zimatha ndi masiku awiri kapena atatu chilichonse. Kubwereka ndi liwu limodzi kwa ife, m'Chingerezi wolandira ndiye amachita borrow, wopereka amachita lend, choncho ndibwereke cholembera ndi "Lend me a pen". Kumva timakugwiritsa ntchito pa phokoso, njala, fungo ndi kumvetsa, pamene Chingerezi chili ndi hear, feel, smell ndi understand. Mankhwala ife timamwa, Chingerezi chimati take. Eti wathu ndi mmodzi pa chiganizo chilichonse, n'chifukwa chake ana amaika "isn't it?" paliponse, koma m'Chingerezi kamchira kameneka kamatsata mneni ndipo kamatembenuka: "She can swim, can't she?", "They did not come, did they?" Munthu akafunsa kuti sunadye, ife timavomera kuti eya, sindinadye, pamene Chingerezi chimati "No, I haven't". Ukupita kuti amasanduka "You are going where?" m'malo mwa "Where are you going?", poti ife liwu lofunsira timaliika kumapeto. Pa nthawi aloweze zitatu: in pa mwezi ndi chaka, on pa tsiku, at pa ola. Ndipo discuss, reach ndi enter safuna mperekezi, ngakhale ife timati kukambirana za, kufika ku, kulowa mu.

Kalembedwe ka mawu kali ndi msampha wake wa kwathu kuno. M'Chichewa l ndi r sasintha tanthauzo, timangotsata lamulo lakuti r amabwera pambuyo pa e ndi i. M'Chingerezi play ndi pray, glass ndi grass, load ndi road, collect ndi correct ndi mawu osiyana kotheratu. Tilinso ndi mavawelo asanu okha, ndiye live ndi leave, ship ndi sheep, full ndi fool zimamveka chimodzimodzi m'khutu mwathu. Mawu oterewa aziwalemba awiriawiri, lililonse m'chiganizo chake, chifukwa tanthauzo ndi limene lingamukumbutse kalembedwe pamene khutu silikuthandiza.

Active ndi passive voice, direct ndi indirect speech, komanso mitundu ya ma clause, musathamangire. Zimenezi zimakhazikika pa zimene tanena kale. Passive ndi idwa kapena edwa wathu: tiyi amathyoledwa ndi amayi, "Tea is plucked by women", ndipo mwana amene sanaloweze liwu lachitatu la aneni aja, monga sung, known ndi taken, sangaipange. Indirect speech imayamba ndi kuti wathu, amene ndi that, koma ife timati anati akudwala osasintha nthawi, pamene Chingerezi chimabwerera m'mbuyo sitepe imodzi: "She said that she was ill". Zimenezi zisungireni teremu yachitatu ya Sitandade 7 ndi yoyamba ya Sitandade 8.

Pa maganizo a bambo ake oletsa Chichewa ndi Chilomwe pakhomo, ndikupempha kuti mukambirane nawo mofatsa, chifukwa cholinga chawo n'chabwino koma njirayo ingabwezere mwana m'mbuyo. Mwaona nokha kuti pafupifupi kufotokoza konse kumene ndapereka kwadutsira m'Chichewa. Mwana amene amadziwa kuti dzina, mneni, mfotokozi ndi mlowam'malo n'chiyani m'phunziro la Chichewa, sachedwa kugwira noun, verb, adjective ndi pronoun. Kawirikawiri pakhomo pakaletsedwa chinenero cha makolo, m'nyumba mumangoti zii, mwana n'kusiya kufotokoza zimene zikumuvuta. Ndipo Chingerezi chimene angamve tsiku lonse kwa anthu amene nawonso chimawavuta chingakhomereze zolakwika zomwe tikufuna kuchotsazi. Chilomwe chimene amayankhula ndi agogo ake sichimulanda malikisi ngakhale amodzi. Chimene bambo angachite ndi kusankha kanthawi kamodzi pa tsiku, mwina potsuka mbale madzulo, koti aziyankhula naye Chingerezi chokhachokha kwa mphindi khumi. Akhozanso kumamutsegulira nkhani za m'Chingerezi pa wailesi ya MBC, kenako n'kumufunsa kuti wamvapo chiyani. Nyuzipepala yakale yokulungira zinthu kumsika ndi yowerenga yabwino, ndipo ngati muli ndi Baibulo la Chichewa ndi la Chingerezi chophweka, kuwerenga ndime yodziwika m'zinenero ziwirizo kumathandiza kwambiri.

Part-time ikhoza kuthandiza, ikhozanso kungodya ndalama zanu. Musanalipire funsani kuti ana amakhala angati, ndipo pakatha milungu iwiri muone kope. Mukapezamo ziganizo zimene mwana walemba yekha, zochongedwa, ndi zokonza pansi pake, ndalama yanu ikugwira ntchito. Mukapezamo notsi zokopera zokhazokha, ndiye kuti mukugula chimene ali nacho kale chochuluka. Poti ndi mtsikana, onetsetsani kuti maphunzirowo akuchitika masana, pamalo oonekera, ali ndi anzake, ndipo akufika pakhomo kusanade. Pa zimenezi musanyengerere aliyense.

Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ayambe akalowa Sitandade 8, limodzi pa milungu iwiri iliyonse, ndipo muwapemphe kusukulu. Pa mafunso osankha yankho, asamangonena kuti yankho ndi B. Afotokoze chifukwa chake A, C ndi D ndi olakwika, m'Chichewa momwe, chifukwa funso limodzi lotero limaphunzitsa zinthu zinayi. Samalani ndi mayankho amene amayenda pa WhatsApp, ena amakhala olakwika, ndipo wina akakuuzani kuti akugulitsa likasa mukane, ndi mlandu ndipo mwana akhoza kulandidwa zotsatira zake. Ngati amagwira foni, muletseni kalembedwe kachidule ka u, gud ndi bcoz, kamalowerera mpaka mu chimangirizo.

Mukachita zimenezi mokhulupirika kwa milungu isanu ndi itatu, muyenera kuona inki yofiira ikuchepa pa mavuto amene mwagwirapo, ngakhale malikisi a teremu asanakwere kwambiri. Ngati palibe kusintha, pali zina zofunika kufufuza. Bwerekani buku la Chingerezi la Sitandade 4 kapena 5, awerenge ndime imodzi mokweza. Akamapunthwa pa mawu oposa limodzi pa khumi aliwonse, vuto lake lalikulu ndi kuwerenga, ndipo galamala iyambe yadikira, abwerere ku mabuku a m'munsi mpaka aziwerenga mosajejema. Onaninso ngati amatsinzinira poyang'ana patali, amasendeza buku pafupi kwambiri ndi maso, amadandaula mutu akachoka kusukulu, kapena amakonda kufunsa kuti mwati chiyani. Khutu limene linatulukapo mafinya likhoza kumva pang'ono, ndipo mawu oyamba kusowa ndi timawu tating'ono ngati s ndi ed ta kumapeto tija. Zikatero pitani naye kuchipatala cha pafupi akamuyeze maso ndi makutu, ndipo mupemphe aphunzitsi amukhazike kutsogolo.

Ngati amasinthanitsa zilembo monga b ndi d mpaka pano, kapena amalephera kulemba molondola ngakhale mawu a Chichewa amene amawatchula bwino, uzani aphunzitsi aakulu. Iwo akhoza kulumikizana ndi mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu, a PEA amene amapezeka ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'zoni yanu amakumanirana), kuti mwana aonedwe ndi mphunzitsi wa maphunziro a ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Ndipo ngati malikisi anagwa mwadzidzidzi pamene kale ankakhoza, kapena wayamba kujomba masiku ena mwezi uliwonse, chezani naye panokha ngati mayi ndi mwana wake, chifukwa pa msinkhu umenewu zifukwa zimakhala zina, ndipo amayi a mother group pasukulupo alipo kuti athandize pa zoterezi.

Mlungu uno pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake a Chingerezi mutatenga pepala lija mwalembapo mitundu ya zolakwika. Muwafunse kuti pa mitunduyo iwo akuona kuti muyambe ndi uti, komanso ngati angalole kuyang'ana kope la kunyumba kamodzi pa milungu iwiri n'kuchonga ziganizo zisanu zokha.